Za Asing'anga Oongola Msana ndi Malire a Nchito Yao

Mwezi watha tinalandira kalata yocokera kwa mnyamata wina amene tinamphunzitsa kale, amene tsopano agwira nchito ya kusenza katundu m'nyumba ya malonda ku Johannesburg. Kalatayo inali ya mkwiyo. Anatiuza kuti caka catha msana unamgwira kolimba, kotero kuti sanakhoza kuwerama kumanga nsapato zace. Ndipo anzace anamlondolera kwa sing'anga wa mtundu umene Azungu auchula chiropractor, ndiye wociritsa ndi manja okha, wosapatsa mankhwala. Munthuyo anamgoneka pa kama wopapatiza, namkankha pamsana ndi m'ciuno kufikira mfundo zinalira. Ndipo atapitako kanai kapena kasanu anapeza bwino, nabwerera ku nchito. Tsono pamene mphwace wa zaka 17 anayamba kudandaula msana, nayambanso kuonda ndi kuturuka thukuta usiku, iye anamtengera kwa sing'anga yemweyo ndi mtima wokhulupirira. Koma sing'angayo, atafunsa mafunso ace, napapasa kafupa kamene kanatumphuka pakati pa msana, anakana kumgwira. Analemba kalata, nati, Mupite naye ku cipatala lero lomwe.

"Aphunzitsi," anatero mnyamatayo m'kalata mwace, "munthuyu ali ndi satifiketi pa khoma, ndalama ndinali nazo m'manja, ndipo ine anandiciritsa. Nanga mphwanga amkaniranji? Kodi si ulesi umenewu, kapena kutipeputsa ife alendo?"

Funso ili sitinaliyankha msanga, pakuti nafenso tinali osadziwa. Tinayamba tafunsa ndi kuwerenga, popeza akuru anati safunsa anadya phula. Ndipo cimene tinapeza tayesa kuti ciyenera kulowa m'masamba ano, cifukwa ambiri a inu muli ndi ana ndi abale ku maiko kumene asing'anga otere ali ndi nyumba zao m'miseu ya m'mizinda. Ndiponso funsoli siliri la msana wokha. Likhudza munthu ali yense amene tipereka thupi lathu m'manja mwace: anamlola ndani, ndipo anamlola kufikira pati? Kuti timvetse bwino tiyenera kuoloka nyanja m'maganizo ndi kunka ku America, pakuti kumeneko ndiko nchito iyi inabadwira, ndipo kumeneko mlandu wa malire ace unakambidwa zaka zambiri m'mabwalo a boma.

M'mzinda wa Davenport, m'cigawo ca Iowa, munali munthu dzina lace Daniel David Palmer, wobadwira ku Canada m'caka ca 1845. Sanaphunzira udotolo. Anakhalapo mphunzitsi, nakhalanso wogulitsa m'sitolo. Pambuyo pace anayamba kuciritsa anthu ndi kuwaika manja ndi kuwasisita, monga anacitira ena masiku amenewo, amene anati m'thupi la munthu muli mphamvu yonga ya maginito. M'mwezi wa September 1895 anagwira msana wa Harvey Lillard, wosamala nyumba imene Palmer anagwiramo nchito, munthu amene makutu ace sanamva bwino zaka zambiri. Palmer ananena kuti anapeza kafupa ka msana kosuntha pamalo pace, nakakankha, ndipo kumva kwa Lillard kunabwerera. Madotolo akana kuti kafupa ka msana kangatseke makutu motero; koma mbiriyo inabuka, odwala nacuruka pakhomo pace. Mbusa wina wodziwa Cigriki, dzina lace Samuel Weed, anamthandiza kupeza dzina la nchitoyo: analumikiza mau awiri, ena otanthauza dzanja, ena otanthauza kucita. Cotero chiropractic ndiko kunena kuti, cocitidwa ndi dzanja. M'caka ca 1897 Palmer anatsegula sukulu yace komweko ku Davenport.

Ciphunzitso cace cinali cotere. Msana wa munthu uli ndi timafupa 24 toyenda, tosanjikizana monga mikanda pa cingwe: 7 m'khosi, 12 kumbuyo kwa cifuwa, ndi 5 m'ciuno, ndipo pakati pa timafupato paturuka mitsempha yonka ku ziwalo. Kufikira pamenepa ananena zoona, ndipo dotolo ali yense abvomereza. Koma anapitirira, naphunzitsa kuti pa nthenda 100 ziri zonse, 95 zicokera ku kafupa kosuntha kamene kapana mtsempha, ndi kuti wobweza kafupako pamalo pace wazula muzu wa nthenda. Apa anaphonya kutali. Pakuti anzeru ena, monga Louis Pasteur ndi Robert Koch, anali ataonetsa kale kuti nthenda zambiri zidza ndi tizirombo tosaoneka ndi maso, ndipo Koch anali atapeza kacirombo ka cifuwa cacikuru m'caka ca 1882. Taonani tsono: luso la manja, limene likhoza kuthandiza msana wowawa, linabadwa pamodzi ndi mau odzitama akuti liciritsa zonse. Mabvuto a pambuyo pace anaphuka pa tsinde limeneli.

Dziko la United States siliri monga lathu, lokhala ndi lamulo limodzi la za udotolo kuyambira kumpoto kufikira kumwera. Liri ndi zigawo 50, ndipo cigawo ciri conse ciri ndi nyumba yace ya malamulo, kazembe wace, ndi mphamvu ya kunena amene aloledwa kugwira odwala m'kati mwa malire ace. Mphamvu iyi inayesedwa pa bwalo lalikuru la dziko lonse m'caka ca 1889, pa mlandu wa Frank Dent wa ku West Virginia, amene anali kuciritsa anthu wopanda cilolezo cimene lamulo latsopano la cigawoco linafuna. Dent anati boma lamlanda nchito imene adya nayo. Oweruza anabvomereza kuti munthu ali ndi ufulu wa kusankha nchito yace. Koma anaonanso kuti wodwala sakhoza kuyesa yekha nzeru za womciritsa, ndipo cifukwa cace boma liri ndi mphamvu ya kumyesera. Pamenepa ndipo pali maziko a cilolezo ciri conse. Wogula cimanga aciyang'ana ndi kucitafuna asanapereke ndalama. Koma wodwala adziwa kuti sing'anga wace ndi mbuli atabvulala kale, ndipo madzi akatayika saoleka.

Pamene ophunzira a Palmer anabalalika m'zigawo, anapeza malamulo otere atakhazikika kale, ndipo anayamba kugwidwa pa mlandu wakuti acita udotolo opanda cilolezo. Palmer mwini anatsutsidwa ku Iowa m'caka ca 1906, nakhala m'ndende masabata angapo asanalipire dipo. Caka comweco mwana wace, B. J. Palmer, amene anatenga sukulu ija, anayambitsa pamodzi ndi anzace bungwe lochedwa Universal Chiropractors' Association, kuti asonkhe ndalama za kuchinjirizana pa milandu. Mlandu umene unatembenuza zinthu unazengedwa m'caka ca 1907 ku La Crosse, m'cigawo ca Wisconsin. Woimbidwa mlandu anali Shegataro Morikubo, wa ku Japan, wophunzira pa sukulu ya Palmer; womnenera anali Tom Morris. Morris sanayesa kutsimikiza kuti Morikubo ndi dotolo wabwino. Anaonetsa bwalo kuti munthuyo sali dotolo konse, ndiponso sali wa gulu lina la asing'anga a mafupa, a nchito yochedwa osteopathy, amene anali nalo kale lamulo lao. Nchito yace ndi yina, ya maganizo ace-ace, ndipo malamulo a nchito zinazo samkhudza. Bwalo linamasula Morikubo.

Tiime pang'ono, pakuti apa ndipo pagona nkhani. Mau amene anatsegula khomo la ndende ndiwo omwe anamanga mpanda. Kuti apulumuke, oongola msana anaphunzira kunena pa bwalo liri lonse kuti iwo sapatsa mankhwala, sang'amba thupi ndi mpeni, salowa m'munda wa madotolo. Aongola msana basi. Ndipo pofika nthawi ya kulemba malamulo ao, aphungu anawagwira pa mau ao omwe, monga ngati anati, Cabwino, munda wanu ndi umenewo. Tidzakuikirani miyala m'malire, ndipo wolima kupitirira mwala adzakhala wopalamula. Cotero cilolezo cigwira nchito ziwiri, monga mpanda wa dimba, umene uletsa mbuzi za mnansi kulowa, nuonetsanso mwini dimba polekezera khasu lace.

Cigawo coyamba kulemba lamulo lotere cinali Kansas, m'caka ca 1913, caka comwe Palmer wamkuru anamwalira. Ndipo North Dakota ndi Arkansas anatsata m'caka ca 1915. Ku California mkangano unakula. Kumeneko oongola msana ambiri, poweruzidwa kuti alipire dipo kapena alowe m'ndende, anasankha ndende mwadala. Ndipo odwala ao, poona owathandiza atatsekeredwa, anayamba kudandaula poyera. M'caka ca 1922 nkhaniyo inaperekedwa kwa anthu onse a cigawoco kuti aponye voti, ndipo iwo anabvomereza lamulo lopatsa oongola msana bungwe lao la cilolezo. Koma lamulo lomwelo linanena momveka kuti cilolezoco sicilola mwini wace kucita udotolo, kapena opareshoni, kapena nchito ya mano ndi ya maso, kapena kupatsa mankhwala a madotolo. Ndipo popeza oliika anali anthu eni, aphungu sakhoza kulisintha okha osabwerera kwa anthuwo. Zigawo zina zinakana nthawi yaitali: New York inabvomera m'caka ca 1963, Massachusetts 1966, Mississippi 1973, ndipo yotsiriza inali Louisiana, m'caka ca 1974. Kuyambira Kansas kufikira Louisiana panapita zaka 61. Mwana wobadwa m'caka ca lamulo loyamba anali ndi imvi pofika lotsiriza.

Wina angafunse, Popeza onse anaturuka pa tsinde limodzi, malamulo ao asiyaniranji? Cifukwa cimodzi ndi cakuti iwo eni anagawikana kuyambira kale. Gulu lina, lotsata B. J. Palmer, linachedwa straights, ndiko kuti osasakaniza. Awa anati nchito yao ndi imodzi yokha, kupeza kafupa kosuntha ndi kukabweza, ndipo anafuna lamulo lopapatiza, poopa kuti angamezedwe ndi udotolo. Gulu lina linachedwa mixers, ndiko kuti osakaniza. Awa anaonjezapo kuthowa, makina a magetsi, malangizo a zakudya, ndi masewera olimbitsa thupi, ndipo anafuna lamulo lotakata. M'cigawo ciri conse magulu awiriwa anakokana pamaso pa aphungu, madotolo nao alikukokera kwao. Ndipo lamulo linaturuka monga mwa mphamvu ya amene anapambana pa caka cimeneco. Malire ambiri sanalembedwa ndi nzeru za m'cipatala zokha, komanso ndi kukangana kwa anthu. Ici ticinena poyera, kuti wina angayese kuti lamulo liri lonse ndi langwiro.

Cifukwa cace anthu awiri oturuka pa sukulu imodzi akhoza kukhala wina ndi munda waukuru, wina ndi kadimba, monga mwa cigawo cimene akhalamo. Ku Oregon lamulo ndi lotakata kwambiri: woongola msana amene waonjeza maphunziro apadera aloledwa kucita maopareshoni ang'ono a pakhungu, ngakhale kuthandiza mai pobereka. Ku New Mexico, kuyambira caka ca 2009, ena ophunzira koposa aloledwa kulembera odwala mankhwala owerengeka a pa ndandanda yobvomerezedwa. Ndipo ici cinawawitsa mtima anzao osasakaniza, amene anaciyesa kutaya mwambo wa makolo a nchitoyo. Ku Illinois awerengedwa pansi pa lamulo limodzi ndi madotolo, koma monga ociritsa opanda mankhwala ndi opanda mpeni. Ku Michigan anatsekeredwa zaka zambiri pa msana wokha, kufikira lamulo la 2009 linawalola kugwiranso mfundo za manja ndi miyendo. Zigawo zina zilola kutenga mwazi kukauyesa, zina ziletsa. Koma ziripo zimene zigwirizana pafupi-fupi ponse: aloledwa kufunsa ndi kuyesa wodwala, kujambula mafupa ndi ekisire, ndi kuongola msana ndi manja, saloledwa opareshoni yaikuru, ndipo kupatula zowerengeka zija saloledwa kulemba mankhwala a madotolo. Ndiponso cilolezo ca cigawo cimodzi siciyenda cokha kuoloka malire. Wosamuka ayenera kupempha cina kumene afika.

Nanga khomo lolowera ndi lotani? Masiku oyamba ena analandira satifiketi atakhala pa sukulu miyezi yowerengeka, ndipo kunali masukulu ena otumiza maphunziro ndi satifiketi pa positi. Kuyambira caka ca 1925, ku Wisconsin ndi ku Connecticut, zigawo zinayamba kuika mayeso amodzi a ciyambi kwa onse ofuna kuciritsa, madotolo ndi oongola msana pamodzi, pa za mapangidwe a thupi, magwiridwe ace, ndi magwero a nthenda. Oongola msana ambiri analephera, nadandaula kuti ndi msampha. Koma msamphawo unakakamiza masukulu ao kukweza maphunziro. Lero wofuna cilolezo ayamba waphunzira zaka zitatu kapena zinai pa sukulu ya ukacenjede. Pambuyo pace aphunzira maora osacepera 4,200, ndiwo monga zaka zinai, pa sukulu yobvomerezedwa ndi Council on Chiropractic Education, bungwe limene boma linalizindikira m'caka ca 1974. Alembanso mayeso a magawo anai a National Board of Chiropractic Examiners, bungwe lokhazikitsidwa m'caka ca 1963. Ndipo gawo lacinai ndi la kuonetsa luso pamaso pa oyesa. Atalowa sapuma ai: cilolezo cifuna kukonzedwanso pa nyengo zace, ndipo bungwe la cigawo limva madandaulo a odwala, nilikhoza kudzudzula, kuimitsa, kapena kulanda cilolezoco.

Tisayese kuti madotolo anali olungama m'zonse pa mkangano uwu. Bungwe lao lalikuru, American Medical Association, linakhazikitsa m'caka ca 1963 kabungwe kolimbana ndi asing'anga onyenga, ndipo nchito yace yaikuru inali kutsekereza oongola msana ndi kuwathetsa. Mwambo wa bungwelo unaletsa dotolo kugwirizana nao pa nchito, ngakhale iwo anali ndi cilolezo ca boma. Cotero wodwala anakhala pakati, monga mwana wa makolo osalankhulana. M'caka ca 1976 Chester Wilk ndi anzace anasuma. Poyamba anagonja, koma mlandu suola, ndipo m'caka ca 1987 woweruza Susan Getzendanner, ku Chicago, anapeza kuti bungwelo linalakwira lamulo loletsa kupangana kuononga malonda a ena, naliletsa kucitanso cotero. Bwalo la apilo linatsimikiza ciweruzoco m'caka ca 1990. Koma tamverani ici: woweruzayo sanagamula kuti ciphunzitso ca Palmer ndi coona. Anagamula kuti njira imene madotolo anatsata inali yosaloleka. Kupambana pa bwalo ndi cinthu cina, kuciritsa nthenda ndi cinanso.

Momwemonso cilolezo siciri umboni wakuti zonse zimene mwini wace anena ndi zoona. Ofufuza ayesa nchito iyi pa odwala ambiri, ndipo cimene apeza ndi ici. Pa kuwawa kwa msana wa m'munsi, kosacokera ku nthenda yina yobisika, kuongola ndi manja kuthandiza ndithu, koma pa muyeso wocepa, molingana ndi njira zina monga masewera olimbitsa msana. Ndipo m'caka ca 2017 bungwe la madotolo la American College of Physicians linakuwerengera pakati pa njira zoyenera kuyesa munthu asanathamangire mankhwala. Koma pa mphumu, kugontha, malungo, kapena nthenda zina za tizirombo, palibe umboni wakuti kuciritsa. Iriponso ngozi yina, yosacitika kawiri-kawiri koma yoopsa: anthu ena, atapotozedwa khosi mwamphamvu, apezeka ndi mtsempha wa mwazi wong'ambika m'khosimo, nafa ziwalo. Anzeru akali kutsutsana ngati kupotozako ndiko kung'amba mtsempha, kapena munthuyo anali nalo kale bala, ndipo kuwawa kwace ndiko kunamtengera kwa sing'anga. Koma m'caka ca 2014 bungwe la American Heart Association linalangiza kuti wodwala auzidwe za ici asanagwidwe khosi. Boma la dziko lonselo nalonso lasunga malire: thumba lace lothandiza okalamba, lochedwa Medicare, linalandira nchito iyi ndi lamulo la 1972, koma lilipirira kuongola msana ndi manja kokha.

Tsono tabwerera ku funso la mnyamata wathu. Lamulo lifuna kuti woongola msana aphunzire za nthenda zimene saloledwa kuziciritsa, ndipo cifukwa cace ndi ici: kuti azizindikire, ndi kucotsapo manja ace. Msana uwawa pa zifukwa zambiri. Kawiri-kawiri ndi minofu ndi mfundo zotopa ndi khasu kapena katundu, ndipo kuwawako kutha kokha m'masabata owerengeka. Koma nthawi zina ndi kafupa kothyoka, kapena mafupa ofumbwa a nkhalamba, kapena khansa imene yafalikira, kapena cifuwa cacikuru, cimene sicikhala m'mapapo mokha, koma cilowanso m'mafupa a msana. Ndiyo nthenda imene dotolo wa ku London, Percivall Pott, anailongosola m'caka ca 1779. Kacirombo kadya kafupa m'kati monga ciswe cidya mzati. Kunja uoneka wolimba, koma wokankhapo ndi mphamvu akhoza kuugwetsa, ndipo munthu apuwala miyendo moyo wace wonse. Zizindikiro zimene sing'anga uja anaona, ndizo kuonda, thukuta la usiku, ndi kafupa kotumphuka pa msana wa mwana, ziri pakati pa zimene aphunzitsidwa kuziopa. Akadamgwira, akadalumpha mwala wa m'malire.

Ndipo malire otere sali ku America kokha. Ku South Africa, kumene kalata ija inacokera, oongola msana alembedwa ndi bungwe la Allied Health Professions Council, pansi pa lamulo la 1982, ndipo aphunzira pa masukulu a ukacenjede ku Durban ndi ku Johannesburg. Ku Britain lamulo la 1994 linakhazikitsa General Chiropractic Council, ndipo ndi mlandu kudzicha chiropractor wosalembedwa m'buku lace. Cotero satifiketi imene mnyamata wathu anaiona pa khoma siinali lonjezo lakuti, Ndiciritsa zonse. Inali pangano lakuti, Ndidziwa polekezera, ndipo ndikapitirira alipo amene adzandifunsa.

Tidziwa kuti wina adzatitsutsa, nadzati, Malire akoma kwa a m'mizinda. Koma kumene dotolo ali mtunda wa tsiku lathunthu, kodi si bwino kuti wodziwa pang'ono acite cimene akhoza? Mau awa sali opusa ai. Ku New Mexico komwe ofuna lamulo lotakata ananena za kusowa kwa madotolo m'midzi ya kutali. Ndipo ndi zoonanso kuti mpanda wa cilolezo nthawi zina umangidwa kuchinjiriza thumba la amene ali m'kati, si moyo wa odwala. Koma taonani njira imene anatsata kumeneko: sanagwetsa mpanda, anasuntha mwala, ndipo anati wofuna munda woonjezeka ayambe waonjeza maphunziro. Mwala woikidwa molakwika usunthidwa pa bwalo, masana, anthu alikuona. Wousuntha yekha usiku, cifukwa ayesa kuti adziwa, ndiye amene tiyenera kumuopa. Pakuti akalakwa, amene alipira si iye, koma wogona pa kama wace.

Ife amene tinaphunzira uphunzitsi tinalawa ici tokha. Tsiku limene tinalandira satifiketi yathu tinaiyang'ana monga cisoti ca ulemu, ndipo sitinasamala mzere waung'ono wonena makalasi amene tiloledwa kuphunzitsa. Zaka zatiphunzitsa kuti mzere umenewo ndiwo wa mtengo wapatali. Kangapo makolo anadza kwa ife ndi mwana wodwala, poti aphunzitsi awerenga mabuku. Ndipo tikumbukira ndi manyazi tsiku lina pamene, pokonda kuyesedwa odziwa, tinalangiza mai wina za mwana wace wotentha thupi, m'malo mwa kunena kuti, Mai, thamangani naye ku cipatala. Mwanayo anacira, koma si cifukwa ca nzeru zathu. Anacedwa masiku awiri pa mau athu, nafika ali lefu. Kuyambira tsiku limenelo tinazindikira kuti mau akuti, Ici si canga, pitani kwa wina, alemera pakamwa koposa bodza lokoma, ndi kuti si ambiri akhoza kuwanyamula.

Yankho lathu lisanapite, mnyamatayo anatiimbira lamya, mau ace atafatsa. Anapitadi ku cipatala, ngakhale monyinyirika. Kumeneko anajambula msanawo, nayesa zoyesa zao, napeza kuti ndi cifuwa cacikuru ca m'mafupa. Mphwace wayamba mankhwala a miyezi yambiri, ndipo ayenda ndi miyendo yace. Tinati kwa iye, Mwana wathu, bweza mkwiyo wako. Munthu amene anakana ndalama zako tsiku lija ndiye anakucitira cifundo coposa ca tsiku limene anakuongola iwe.

Tsono abale, pamene inu kapena ana anu mupita kwa woongola msana, kapena kwa wina ali yense wonena kuti aciritsa, musacite manyazi kufunsa zitatu izi. Coyamba, Munalembedwa m'buku la bungwe liti? Woona sakwiya nalo funsoli. Caciwiri, Muloledwa kucita ciani, ndipo simuloledwa ciani? Cacitatu, Ndi nthenda iti imene mukaiona mutumiza munthu kwina? Amene alibe yankho pa cacitatuci, amene ati dzanja lace limodzi liciritsa msana ndi mphumu ndi shuga ndi kusabala, amene akuuzani kuleka mankhwala a ku cipatala kapena kukaniza ana katemera, mcokereni, ngakhale khoma lace ladzala ndi mapepala. Pakuti ng'oma yolira kwambiri sicedwa kung'ambika. Ndipo msana ukawawa pamodzi ndi kuonda, kutentha thupi, dzanzi kapena kufooka m'miyendo, kapena kulephera kusunga mkodzo, musayambe mwafuna manja a munthu, yambani cipatala.

Akuru anati mutu umodzi susenza denga. Woongola msana ali ndi mbali yace ya denga, dotolo yace, namwino yace, mzamba yace. Ndipo nyumba iima pamene yense agwira pamalo pace, naitana mnzace pofika pamene dzanja lace silifika. Mnyamata wathu anatifunsa potsiriza kuti acite ciani tsopano. Tinamuuza kuti ayang'anire mphwace asadumphe tsiku la mankhwala ngakhale limodzi, kufikira madotolo atanena kuti kwatha. Ndi kuti tsiku lopuma nchito abwerere kwa sing'anga uja, akagogode, akamthokoze.